Usiku wa ku Liwonde ndi Lamulo la Nyali

Amayi anzanga, inu amene mumayenda pa msewu wochokera ku Zomba kupita ku Balaka kapena ku Mangochi mumapadziwa bwino pa Liwonde. Ndi pamene basi imawoloka Shire pafupi ndi baraji, ndipo amalonda amathamangira pa mazenera ndi nsomba zowamba, mango ndi nzimbe. Ambiri a ife timagula mlamba wathu, n'kuukulunga m'pepala, ulendo n'kupitirira, osadziwa kuti makilomita ochepa okha kumpoto kwa mlatho umenewo kwayambira dziko lina, la eni ake a miyendo inayi, lokhala ndi malamulo akeake. Sabata ino ndati ndikusimbireni za malo amenewa, makamaka za lamulo limodzi la kumeneko limene linatizunguza mutu amayi a m'gulu lathu, lamulo loletsa mlendo kuunika nyama ndi nyali usiku.

Boma linakhazikitsa nkhalango ya Liwonde kukhala malo osungirako nyama m'chaka cha 1973. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 548, ndipo mbali yaikulu yagona kuvuma kwa Shire, kuyambira pa phiri la Chinguni kummwera kufikira kufupi ndi nyanja ya Malombe kumpoto. Ndi dziko lachigwa, lotentha, la mitsanya ndi milambe, ndipo m'mbali mwa mtsinje mwandanda migwalangwa italiitali. Panali zaka zimene nyama za kumeneku zinavutika kwambiri ndi misampha ya waya. M'chaka cha 2015 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa nkhalangoyi. Anamanga mpanda wa magetsi, nachotsa misampha yoposa 40,000, nayamba kubweretsa nyama zimene zinatha: akakwiyo mu 2017, mikango mu 2018, mimbulu mu 2021. Mu 2019 anawonjezera zipembere 17 zochokera ku South Africa. Njovu zokha zinali zitachuluka kotero kuti zina anazisamutsira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017, ndipo zina 263 anakazitula ku Kasungu mu 2022.

Ife tinapitako mwezi wa Okutobala, amayi 14, pa ndalama zimene tinasunga ku banki m'khonde chaka chathunthu. Amuna athu ena anadandaula, amvekere nyani yemweyo amene amatithera chimanga n'kumulipirira basi? Koma ndalama zinali za thukuta lathu, ndipo Mmalawi amalipira zochepa pa chipata kusiyana ndi mlendo wa kunja.

Pa chipata pomwepo mlonda wa nyama, awa amene kumudzi timangoti agemu, anatiimika natiwerengera malamulo. Musatsike m'galimoto pamalo posaloledwa. Musadyetse nyani. Musathyole kanthu. Zonsezo tinazimva mosavuta. Kenaka anati: “Amayi, dzuwa likalowa galimoto yanu isapezeke pa msewu wa m'nkhalango muno. Amene mwatenga tochi, ndi younikira m'chikwama ndi njira ya kubafa, osati m'maso mwa nyama. Mukafuna kuona za usiku, mupite ndi woperekeza alendo amene ali ndi chilolezo, pa galimoto yake, ndi nyali yake.”

Msungichuma wathu, amene salola kanthu kumudutsa osakafunsa, anati: “Achimwene, mfuti tilibe, mkondo tilibe. Kuona kokha kungaphe nyama?” Mlondayo anangomwetulira, nati tikamufunsenso m'mawa mwake ngati funsolo lidzakhala likadalipo.

Kunena zoona, ife amayi sitinayenere kudabwa, popeza mphamvu ya nyali timaidziwa kuyambira utsikana. Ndani mwa inu amene sanagwireko ngumbi? Mvula yoyamba ikagwa timakumba kadzenje pa chulu, n'kuyatsa muuni wa udzu, ndipo ngumbi zimasiya mdima wonse umene zikanapulumukiramo n'kudzigwetsa zokha m'dzenje. M'tauni timangoika beseni la madzi pansi pa getsi la pakhonde. Amayi a kunyanja akuuzani za usodzi wa kauni, mmene siginala amatsogolera ndi bwato la nyali, usipa n'kusonkhana pansi pa kuwalako mpaka chilimira kuuzinga. Pa ngumbi ndi pa usipa, chimene chimagwira ntchito yaikulu ndi kuwala. Dzenje ndi khoka zimangotsiriza.

Chimodzimodzi pa nyama zikuluzikulu. Mayi wina wachikulire wa m'gulu lathu anatikumbutsa za bambo ake, amene anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi nyali ya kabaidi yomanga pamphumi. Akatenga nyali imeneyo ndi mfuti ya gogodela, sankabwerako chimanjamanja. Gwape akaunikidwa m'maso sathawa, amangoti njo, kuyang'ana komwe kukuchokera kuwala, osamuona munthu amene ali kuseri kwake. Mlenje amangolunjika pakati pa maso awiri onyezimirawo. Koma maso mumdima salembedwa dzina. Mayiwo anati tsiku lina bambo awo anapeza m'mawa kuti awombera thole la mnansi wawo, ndipo mlandu wake unatha ndi mbuzi zingapo.

Ndiye chifukwa chake malamulo anayamba kale kuiwerengera nyali pamodzi ndi zida. M'chaka cha 1933 maboma a atsamunda anasainirana pangano ku London lokhudza nyama za mu Africa, ndipo mwa njira zosakira zimene anatsutsa munali nyali zothobwa m'maso, pamodzi ndi poizoni. Mayiko a mu Africa atalandira ufulu anapanga pangano lawolawo ku Algiers mu 1968, ndipo kusaka usiku anakuika pa mndandanda wa zoletsedwa. Kwathu kuno lamulo loteteza nkhalango ndi nyama zakuthengo la 1992 limaletsa kusaka nyama zotetezedwa nthawi ya mdima, ndiponso kulowa m'nkhalango zoterezi popanda chilolezo. Mu 2017 lamuloli linawonjezeredwa mano, kotero kuti wopha njovu, chipembere kapena ngaka angathe kukhala m'ndende mpaka zaka 30. Musandimve molakwa, amayi, zaka 30 zimenezo si za tochi ayi. Koma mlonda amene wagona pathengo kulondera chipembere, akaona kuwala kukuyendayenda pakati pa mitsanya usiku, sangadziwe ngati ndi mayi wachidwi kapena munthu wa mfuti. Galimoto zonse zololedwa amazidziwa, ndi njira zake, ndi nthawi yake yobwerera. Kuwala kwina kulikonse kwa iye ndi mdani, ndipo adzakulondola ali ndi chida m'manja.

Si Malawi yekha amene amachita zotere. Ku Kruger, ku South Africa, zipata zikatsekedwa madzulo mlendo sayendanso yekha, amakwera galimoto ya eni nkhalango. Ku Yellowstone, ku America, kuunika nyama ndi nyali usiku n'koletsedwa, ngakhale munthu atangofuna kuona chabe. Anzathu a ku Zambia, ku chigwa cha Luangwa, anatchuka ndi maulendo a usiku oonera anyalugwe, koma nakonso nyali imakhala m'manja mwa operekeza alendo ovomerezeka.

Tsono madzulo a tsiku limenelo tinasonkha zotsala zathu n'kukwera galimoto ziwiri zopanda denga. Ine ndinali m'yoyamba. Woyendetsa anali bambo wachikulire pang'ono, ndipo pambali pake panali mnyamata wogwira nyali. Dzuwa linalowa tili m'mbali mwa Shire, madzi ali psuu ngati mafuta a mawese, mvuu zikuguguda uku ndi uku. Kunja kutangoti bii, mnyamata uja anayatsa nyali, ndipo ndinaona kuti anaivundikira ndi galasi lofiira. Bambo aja anatifotokozera kuti nyama zambiri sizivutika ndi kuwala kofiira monga zimachitira ndi koyera. Anatipemphanso kuti tizimitse magetsi a makamera a pa mafoni athu, ndi kuti tilankhule monong'ona. Kwa amayi 7 okhala pamodzi, lamulo lachiwirili linali lovuta kuposa onse.

Kwa nthawi yaitali sitinaone kanthu. Fumbi lokha, fungo la ndowe za njovu, ndi kulira kwa nkhululu. Wina anayamba kung'ung'udza kuti ndalama zapita pachabe, koma mayi wachikulire uja anamudula, nati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo zoonadi, pang'ono ndi pang'ono thengo linayamba kutsegula maso. Poyamba tinaona timikanda tonyezimira tambirimbiri m'udzu, ngati mame, pamene mvula inali isanagwe. Mnyamata anati ndi maso a akangaude. Kenaka m'nthambi za mtengo munaoneka makala awiri amoto, akudumpha kuchoka nthambi iyi kupita iyo. Ameneyo anali changa, kanyama kamene ambiri a ife tinangokamva kakulira ngati khanda koma osakaona. Tinaona nungu akuwoloka msewu minga ili nyankhalala, osalabadira za munthu. Tinaona fungwe akununkhiza pansi, ndi kalulu amene anathamanga patsogolo pa galimoto mokhotakhota, osatha kutuluka m'kuwala, mpaka woyendetsa anaima n'kuzimitsa magetsi kuti apeze njira yake. Pa msewu pomwepo panakhala lumbe, mbalame ija ya usiku, ndipo itauluka tinaona nthenga ziwiri zazitali zikukupiza m'mbuyo ngati malamba a mpango. Bambo aja anati yaimuna imamera nthenga zimenezo nyengo yoswana yokha.

Wina anafunsa chifukwa chimene maso a nyama amayakira chotere. Anatiyankha kuti tikumbukire mphaka wa kukhitchini. Kuseri kwa diso la nyama zambiri kuli kachikopa konyezimira ngati kalilole, kamene kamabweza kuwala kuti kudutsenso m'diso kachiwiri. N'chifukwa chake zimaona bwino ndi kuwala kwa nyenyezi kokha. Munthu alibe kachikopa kameneka. Tsono diso limene linapangidwa kuti lizitola kuwala kochepa chotero, mukalithira nyali yamphamvu, limachita khungu kwa kanthawi. Inu nomwe mukatuluka m'nyumba ya magetsi kupita panja, paja mumayamba mwapapasa. Diso la munthu limatenga mphindi 20 kapena 30 kuti lizolowere mdima kwathunthu. Kwa ife kudikira kumeneko si kanthu. Kwa nswala imene mkango wainyang'amira pafupi, ngakhale kanthawi kochepa kosaona ndi imfa.

Zimenezi tinaziona ndi maso. Titafika pa dambo lina, nyali inagwa pa maso obiriwira ochuluka ngati magetsi a mzinda. Linali gulu la nswala, zina zitagona, zina zili chiimire. Mnyamata uja sanachedwetsepo dzanja, anakweza nyali msangamsanga n'kuilozetsa kwina. Amayi anadandaula kuti sanaone bwino. Bambo aja anati: “Amayi, nswala mwaziona masana, ndipo mawa muzionanso mpaka kutopa nazo. Nyama ya masana sitiiunika usiku. Tikaithobwa m'maso, ndiye kuti taigwirira mkango miyendo.” Anawonjezera kuti ngakhale atapeza mkango ukusaka, amachotsa nyali, pakuti kuunika mkango n'kuululira nswala, ndipo kuunika nswala n'kuipereka kwa mkango. Woperekeza alendo amene amaseweretsa nyali angathe kulandidwa chilolezo, ntchito n'kuthera pomwepo. Ndinaganiza mumtima kuti bambowa ali ngati nyakwawa yabwino pa bwalo, yosakondera mbali.

Njovu tinazimva tisanazione, zikuthyola nthambi. Nyali inalozetsedwa pansi, pa miyendo, ndipo tinaona kamwana kakubisala pansi pa mimba ya make. Palibe amene anafunika kuuzidwa kuti akhale chete pamenepo.

Koma chimene ndinachiopa koposa ndi mvuu. Masana mumaiona m'madzi, makutu ndi mphuno zokha, n'kumaiyesa yaulesi. Usiku imatuluka kukadya udzu kumtunda, nthawi zina makilomita angapo kuchoka ku mtsinje, ndipo imodzi imatha kudya makilogalamu pafupifupi 40 usiku umodzi. Ikadzidzimuka imathamangira ku madzi mosakhota, ndipo chilichonse chimene chili pakati pa iyo ndi mtsinje chimapondedwa. Tinakumana nayo imodzi pambali pa msewu, yaikulu ngati nkhokwe yogwa. Woyendetsa anaima patali, nyali ili pansi, mpaka inawoloka yokha. Titabwerera kumene tinagona, mlonda anatiperekeza mmodzimmodzi ku zipinda, tochi yake ikuunika pa mapazi athu pokha, popeza mvuu zimadya udzu mpaka pakhomo. M'mawa mwake msungichuma sanabwerezenso funso lake lija.

Tisanabwerere kwathu tinakacheza ndi gulu la amayi la m'mudzi wina woyandikana ndi mpanda, amene tinalemberana nawo kale. Anatilandira ndi nsima ya makumba, ndipo Chichewa chawo chinali chosakaniza ndi Chiyao, koma tinamvana bwino. Titawasimbira za galasi lofiira ndi za kuchitira ulemu maso a nswala, anaseka mpaka kugwira nthiti. Kwa iwo tochi ndi chida cha pa munda, chofanana ndi khasu. Chimanga chikayamba kukhwima, iwo ndi amuna awo amagona pa nsanja ali ndi tochi yowala kwambiri, zitini zoimba ndi moto, kuti mvuu zikatuluka m'mtsinje aziingitse. Ena amafukiza tsabola wosakaniza ndi ndowe pothamangitsa njovu. Anavomera kuti chimangireni mpanda wa magetsi njovu sizivuta ngati kale, pamene munthu ankadzuka n'kupeza munda wa chaka chonse uli mbee, koma mpanda suthetsa zonse, ndipo mayi amene walima m'dimba la m'mbali mwa Shire sagona tulo tokwanira. Mmodzi anati mabatire a tochi amamudyera ndalama zambiri kuposa sopo.

Kunja kwa mpanda palibe amene amawaletsa kuopseza nyama ndi kuwala poteteza mbewu zawo. Chimene saloledwa n'kupha nyamayo mwa okha kapena kuitsatira m'kati mwa nkhalango, ndipo nyama ikavuta amakanena kwa agemu. Amayiwo amaphunzitsa ana awo aamuna zimenezi molimba, chifukwa mnyamata wopezeka kuseri kwa waya usiku ali ndi tochi sangakhulupiriridwe kuti amafuna mbuzi yosokera. Mayi wina anatiuza mosabisa kuti m'mudzimo muli mabanja amene bambo ali kundende chifukwa cha nyama, ndipo amene amatsala ndi ana, ndi munda, ndi manyazi, ndi mkazi.

Ine lamulo la nyali ndikugwirizana nalo, ndipo ndikanakonda kuti amayi a m'tauni amene amapita kumeneko ndi galimoto zawo alimvetse, m'malo mokangana ndi alonda pa chipata kapena kuuza ana kuti aunike njovu ndi foni. Chimene chinandiwawa n'china. Pa amayi onse a m'mudzi uja, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakwerapo galimoto ya usiku ija. Mtengo wake ndi wa alendo. Anabadwira pamenepo, amva mkango ukubangula ali pa mphasa, koma nyama za usiku amangozidziwa ngati akuba a m'munda. Changa ndi lumbe wa nthenga zazitali, zimene ife obwera tinaziona usiku umodzi, iwo amangomva kulira kwake. Eni nkhalango amatenga ana a sukulu za m'mbali mwa mpanda kukaona nyama, ndipo zimenezo n'zabwino ndithu. Koma amene amaletsa mwana kutchera msampha ndi mayi ake, ndipo amene amaphika nyama yobedwa, kapena kuikana, ndi mayi yemweyo. Iyeyo bwanji osamuonetsa chimene akumupempha kuti asunge?

Agogo ena a m'mudzimo, amene anakhala chete nthawi yonse akusenda mtedza, anandifunsa kuti: “Mwana wanga, kodi mvuu ikakhala kuti sikudya chimanga chako, imaoneka bwanji?” Ndinayesa kuwafotokozera mmene inkadyera udzu mwakachetechete, mlomo ukusesa pansi, khungu likunyezimira m'kuwala kofiira, koma ndinaona kuti mawu anga sakuwafika.

Tisanatsanzike, magulu awiriwa tinagwirizana chinthu chimodzi. Iwo asonkha ndowa imodziimodzi ya chimanga akakolola, ife tiwonjezera kuchokera ku banki m'khonde, ndipo mlembi wawo alembera kalata oyang'anira nkhalango kupempha mtengo wotsikirako wa amayi a m'mbali mwa mpanda. Pa pepala panalembedwa mayina 11, ndipo agogo aja anadinda chala pa mzere woyamba.